Musathamangire busita, yambani ndi mlongoti

Chiyambireni kuvutika ndi miyendo, bambo anga sakuyendanso mtunda wautali. Kutchalitchi amapita mwa apo ndi apo, akapezeka wowakweza pa njinga. Kubawo anasiya. Mayi anatisiya zaka zitatu zapitazo, ndipo nyumba ya kwathu ku Phalombe, yomwe kale inkasokosa ngati pamsika, lero muli anthu awiri okha: iwowo ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, mnyamata wa Fomu 3. Ndiye ife ana titasonkherana n'kuwagulira TV, dikoda ndi sola, cholinga chinali chimodzi, kuti madzulo m'nyumbamo muzimveka mawu a anthu.

Kwa miyezi inayi mphatso ija inali yowapsetsa mtima. Foni ikangoitana cha m'ma 7 koloko madzulo, ndinkadziwiratu nkhani yake.

"Mwanawe, anthu ako aja aumanso. Wowerenga nkhani wangoyasamula pakamwa, mpaka pano sanatseke."

Tsiku loipitsitsa linali la mpira wa Noma ndi Bullets. Bambo ndi a Noma kuyambira ndisanabadwe. Chithunzi chinauma mpira uli m'malere kulowera kugolo, ndipo chitabwerera anthu anali akuyambira pakati. Amene wagoletsa anakamumva kwa ana odutsa pamsewu. Usiku umenewo anandiuza kuti ndikapite kukatenga katundu wanga, wailesi yawo ya mabatire sinawanamizepo.

Ine ndinachita zomwe ambiri a ife timachita. Ndinatsikira ku Limbe, ndinalowa mushopu ina ya zamagetsi, n'kufotokoza vuto langa. Mnyamata wogulitsa sanandifunse komwe kuli nyumba kapena mtundu wa eriyo. Anangotsitsa kabokosi n'kunena kuti, "Bwana, busita uyu amakoka ngakhale za kunja." Ndinagula, ndinakamulumikiza kuseri kwa TV, ndipo palibe chinasintha. Mwezi wotsatira ndinagula eriyo yachiwiri, ina ndinailozetsa ku Limbe, ina ku Zomba, zingwe zake ndinazipotera pamodzi n'kukulunga ndi tepi yakuda. Apo ndiye ngakhale matchanelo omwe ankayesetsa aja anathawa.

Amene ananditsegula maso ndi mkulu wina wokonza mawailesi pamsika wa kwathu, munthu wa imvi yemwe ndinkangomudutsa zaka zonsezi. Atafika kunyumba sanakhudze TV. Anayenda mozungulira nyumba, anayang'ana kumwamba, anatsatira chingwe ndi chala kuchokera padenga mpaka pawindo, kenaka anati: "Achimwene, ndalama mwaononga, koma mwayambira kumapeto. Zinthu izi zili ndi ndondomeko yake." Zomwe ndinaphunzira tsiku limenelo, kuphatikizapo zomwe ndinawerenga pambuyo pake, n'zomwe ndikufuna tigawane lero.

Chifukwa chiyani chithunzi chimauma

Amene tinaonera TVM itangoyamba mu 1999 tikukumbuka kuti mafunde akafooka chithunzi chinkachita mchenga, koma munthu n'kumaonerabe. Eriyo ya limu la njinga kapena chivundikiro cha poto inkatha kugwira kenakake. Njira imeneyo inatha. Maiko atakumana ku Geneva mu 2006 anagwirizana zoti pofika pa 17 June 2015 asamukire ku dijito, ndipo kuno kumwera kwa Africa tinasankha mtundu wotchedwa DVB-T2, womwe madikoda a Kiliye Kiliye ndi GOtv amagwiritsa ntchito.

Dijito ilibe pakati. Mafunde akakwana, chithunzi chimaoneka bwino ngati muli pafupi ndi nsanja. Akaperewera pang'ono chabe, chimaduka timabokosi, chimauma, kenaka n'kulemba kuti No Signal. Komanso matchanelo ambiri amabwera atamangidwa mtolo umodzi pa funde limodzi, n'chifukwa chake akamathawa amathawira limodzi. Ubwino wake ndi woti munthu wokhala kutali nthawi zambiri amangoperewera pang'ono, ndipo pang'onopo amatha kupapeza osagula chinthu chodula.

Dinani rimoti ya dikoda mpaka mupeze pamene pali mizere iwiri, wina wolembedwa Strength, wina Quality. Woyambawo umaonetsa kuchuluka kwa zonse zomwe zikulowa, zabwino ndi phokoso lomwe. Wachiwiriwo umaonetsa ngati dikoda ikumva zomwe zikunenedwa. Kwa bambo, busita atalumikizidwa, Strength inkafika pa 90 koma Quality inkangovina pakati pa 20 ndi 35. Muziyang'ana wachiwiriwo. Chilichonse chomwe mwasintha, mufunse kuti Quality yakwera kapena yatsika.

Choyamba ndi malo

Mafunde a TV ya dijito ali m'gulu la UHF, kuyambira pa 470 MHz kufika pa 694 MHz, omwe ndi matchanelo 21 mpaka 48. Mafunde amenewa amayenda ngati kuwala kwa tochi. Phiri, nyumba ya njerwa, denga la malata ndi mitengo ya masamba ambiri zimawatchinga, makamaka masambawo akanyowa. Ichi n'chifukwa chake nsanja zimamangidwa pamwamba pa mapiri, monga pa Mpingwe ku Limbe ndi pa phiri la Zomba. Nsanja yomwe yakwera mamita 400 pamwamba pa chigwa imatha kuponya mafunde ake pafupifupi makilomita 80 dziko lisanapindike n'kuibisa.

Kwathu, Limbe ndi Zomba konse kuli pa mtunda woposa makilomita 50. Eriyo yanga ndinaimangirira pa kamtengo kafupi m'mphepete mwa denga, italoza ku Limbe, ndipo kutsogolo kwake kunali munda wa bulugamu wa oyandikana nawo. Mkulu uja anangotitembenuza kuyang'ana chakumpoto. Phiri la Zomba linkaoneka mbee kuseri kwa minda, popanda chotchinga.

Tinadula nsungwi yokhwima ya mamita asanu ndi atatu, tinaiimika kumbali ya nyumba yoyang'ana ku Zomba, n'kuikoka ndi mawaya atatu kuti isamagwedezeke ndi mphepo. Eriyo ikhale pamwamba pa malata ndi mita imodzi kapena kuposerapo, chifukwa malata amabweza mafunde n'kusokoneza omwe akubwera molunjika. Potembenuza, musamachite changu. Dikoda imatenga timphindi isanaonetse kusintha, ndiye tembenuzani pang'ono, dikirani, wam'nyumba akuuzeni nambala. Mphwanga anali panja ndi nsungwi, ine pawindo, bambo pampando akuwerenga mokweza ngati ali pa okushoni ya fodya. Yesaninso kukweza kapena kutsitsa eriyo ndi theka la mita, chifukwa nthawi zina malo abwino sakhala pansonga penipeni.

Eriyo yake iti

M'mashopu mwathu mumapezeka mitundu ingapo. Yam'nyumba ya tinyanga tiwiri ndi ya anthu a m'tauni omwe nsanja amaiona pawindo. Yozungulira ndi rimoti, yokhala ndi busita m'kati, imakopa m'maso, koma tizitsulo take n'tochepa ndipo mvula ikalowa mu kamota kake yatha. Ya sefa, yokhala ndi waya wolukidwa kumbuyo ndi timapiko kutsogolo, imagwira mbali yotakata ndipo ndi yabwino pa mtunda wapakatikati. Wokhala kutali afune yaitali ija yooneka ngati minga ya nsomba.

Imeneyi dzina lake ndi Yagi. Anaitulukira ku Sendai m'dziko la Japan mu 1926 ndi akatswiri awiri, Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi, ngakhale dzina lomwe linatchuka ndi la mmodzi. Ili ndi zigawo zitatu. Pali kachitsulo kokhala ndi kabokosi komwe chingwe chimalowa, ndiye kamene kamalandira mafunde. Kumbuyo kwake kuli zitsulo zazitali zobwezera mafunde omwe adutsa. Kutsogolo kuli tizitsulo tambiri tifupitifupi tomwe timakokera mafunde ku kabokosiko. Mbali ya tizitsulo tifupiyo ndi imene iyenera kuloza kunsanja. Mukayenda m'midzi muziyang'ana kumwamba, mupeza eriyo zingapo zitafulatira nsanja.

Kukula kwa tizitsulo si kwa chisawawa. Funde la pa 470 MHz ndi lotalika pafupifupi masentimita 64, la pa 694 MHz pafupifupi 43, ndipo kachitsulo kolandira kamakhala cha m'ma theka la muyeso umenewo. Choncho eriyo zakale za zitsulo zotalika kuposa mkono, zomwe zinapangidwira VHF, sizithandiza pa dijito ngakhale zikhale zazikulu bwanji. Pabokosi pazilembedwa UHF. Eriyo ikatalika imakoka kwambiri, koma imaonanso mbali yopapatiza, moti ikapotoka pang'ono ndi mphepo matchanelo amathawa. Imangeni molimba.

Chinanso, nsanja zina zimaponya mafunde chogona, zina choimirira, ndipo tizitsulo ta eriyo yanu tiyenera kutsatira. Onani mmene aikira anzanu omwe akuonera bwino m'dera lanu, kapena yesani mbali zonse ziwiri. Kulakwitsa apa kumataya mafunde ambiri kuposa omwe busita aliyense angakubwezereni.

Wakuba wamkulu ndi chingwe

Mkulu uja atasenda chingwe changa anaseka. Chinali chopyapyala, tiwaya ta m'mbali towerengeka, ndipo pomwe ndinalumikiza ndi tepi panali patalowa madzi, m'kati mwachita dzimbiri lobiriwira. "Apa ndiye pomwe pankathera mpira wa madala," anatero.

Amisiri amayeza mafunde ndi muyeso wotchedwa dB, ndipo chofunika kukumbuka ndi chimodzi: kutaya 3 dB ndi kutaya theka. Chingwe chabwino cha RG6 chotalika mamita 30 chimadya pafupifupi 6 dB pa matchanelo a kumtunda, kutanthauza kuti pa magawo anayi omwe eriyo yagwira, limodzi lokha ndi lomwe limafika pa dikoda. Nanga chotchipa, chonyowa, cholumikiza katatu? Mumatha kugula eriyo yabwino kwambiri, phindu lake lonse n'kuthera m'njira ngati madzi a mu paipi yobooka.

Gulani RG6 ya 75 ohm yokhala ndi kachitsulo konyezimira ndi tiwaya tolukana tambiri pansi pa chikopa. Ikhale imodzi kuchokera pa eriyo mpaka pa dikoda, yotsalayo dulani, musaikulunge kuseri kwa kabati. Kumapeto ikani timitu topotera tija, ndipo onetsetsani kuti palibe kawaya ka m'mbali ngakhale kamodzi komwe kakukhudza waya wapakati, chifukwa kamodzi komweko kamazimitsa zonse. Kabokosi ka pa eriyo kayang'ane pansi. Chingwe chisanalowe m'nyumba chigwetseni pang'ono n'kuchikwezanso, kuti madzi a mvula azidonthera panja m'malo motsetsereka mpaka mu dikoda.

Titangosintha malo ndi chingwe, eriyo ili yomwe ija, busita tamuchotsa, Quality inakhazikika pa 60 ndi kanthu. Ndinachita manyazi.

Busita ali ndi malo ake

Sindikunena kuti busita ndi wachabe. Ganizani za munthu yemwe akulankhula chapatali pamsika. Mukaika chimkuzamawu pomwe mwaima inu, chikweza mawu ake pamodzi ndi phokoso la msika wonse, ndipo simumvabe kanthu. Busita ndi chimodzimodzi. Sapanga mafunde, amangokweza zomwe wapatsidwa, n'kuwonjezerapo kaphokoso kake. Ntchito yake yeniyeni ndi kupatsa mphamvu mafunde omwe eriyo yagwira kuti apirire ulendo wa m'chingwe.

Choncho malo ake ndi pamwamba pa mlongoti, pafupi ndi eriyo, mafunde asanafooke. Kumuika kuseri kwa TV, monga ndinachitira ine, ndi kutseka khola mbuzi zitatuluka kale. Magetsi ake amakwera kudzera m'chingwe chomwecho, kuchokera pa kabokosi komwe amabwera nako kapena pa dikoda. Madikoda ambiri ali ndi poyatsira magetsi a 5V opita ku eriyo. Ngati muli ndi busita wodalira magetsi amenewo, yatsani. Ngati mulibe, zimitsani. Busita wopanda magetsi amatchinga mafunde kuposa kukhala opanda busita, ndipo anthu ambiri ataya eriyo zabwinobwino chifukwa cha ichi.

Musakopeke ndi manambala akuluakulu a pabokosi. Busita wamphamvu kwambiri amakhuta n'kusokoneza chilichonse, makamaka ngati pafupi pali nsanja ya foni, popeza mafunde a pamwamba pa 694 MHz m'chigawo chathu chino anaperekedwa ku mafoni. Funsani wokhala ndi sefa yotchinga 4G, ndipo pa nambala ya phokoso lake sankhani yotsika, 3 dB kapena kucheperapo. Ndipo okhala m'tauni pafupi ndi nsanja ya TV, busita sakufunikirani n'komwe.

Kuphatikiza eriyo ziwiri

Apa ndi pomwe ndinagwa chagada. Nzeru yanga inali yoti eriyo ziwiri zigwira kawiri. Zimatheka, koma pali malamulo ake. Eriyozo zikhale za mtundu umodzi ndendende, ziloze kumodzi, ina pamwamba pa inzake motalikirana masentimita 60 mpaka mita imodzi, nsonga zake zitalingana. Zingwe zochokera pa iliyonse zikhale zofanana kutalika, zikumane mu kabokosi kophatikizira, kenaka busita abwere pambuyo pake. Zikatero mafunde amafika nthawi imodzi n'kuthandizana, ngati anthu awiri osinja mu mtondo umodzi mogwirizana. Chingwe china chikatalika ndi masentimita 20 okha, mafunde amagundana n'kufafanizana. Ngakhale mutachita zonse bwino, phindu silipitirira 3 dB, ndipo kawirikawiri limakhala cha m'ma 2. Ngati muli pamalire penipeni, zimenezo zikhoza kukupulumutsani, koma nthawi zambiri eriyo imodzi yaitali ndi yotchipa komanso yosavuta.

Kuloza mbali ziwiri zosiyana ndi nkhani ina. Mukazilumikiza ndi sipulita wamba, iliyonse imataya theka la zomwe yagwira, ndipo inzakeyo imabweretsa phokoso ndi mafunde obwerera kuchokera m'mapiri. Musanavutike, yesani eriyo imodzi mbali iyi, lembani matchanelo omwe mwapeza, kenaka mbali inayo. Ife tinapeza kuti omwe bambo amafuna onse ankapezeka mbali imodzi, moti eriyo yachiwiri ija inali ndalama yotaya. Ngati mbali ziwirizo zilidi ndi zosiyana, njira yosavuta ndi kutsitsa zingwe ziwiri n'kuika kaswichi kosankhira pafupi ndi dikoda. Njira ina ndi kabokosi kokhala ndi masefa, kolola matchanelo akutiakuti kuchokera ku eriyo iyi ndi ena kuchokera ku inayo, koma kameneka mugule mutadziwa manambala a matchanelo a nsanja zonse ziwiri.

Amene muli ndi dishi komanso eriyo, zonse zikhoza kutsikira m'chingwe chimodzi, chifukwa za dishi zimayenda pa 950 mpaka 2150 MHz, pamwamba pa za eriyo. Pamafunika timabokosi tiwiri totchedwa diplexer, kena kophatikiza padenga, kena kolekanitsa m'nyumba. Ndipo ngati mukugawa eriyo imodzi ku madikoda awiri, dziwani kuti sipulita amadya pafupifupi 3.5 dB mbali iliyonse. Pamenepo busita wa pamlongoti amagwira ntchito yake, bola sipulitayo akhale wolola magetsi kudutsa.

Moyo ndi woposa mpira

Musanaimike mlongoti, makamaka wachitsulo, yang'anani komwe kwadutsa mawaya a magetsi. Uime patali moti ngakhale utagwa usawafike. Nsungwi yaiwisi kapena yonyowa nayonso imadutsitsa magetsi. Musakwere pa malata onyowa, ndipo musatume mwana padenga ali yekha. Mlongoti wautali kuposa nyumba ndi mitengo umafunika waya wochindikala wotsikira ku chitsulo chokhomedwa pansi. Mitambo ikayamba kugunda, zulani chingwe cha eriyo pa dikoda mphenzi zisanayandikire. Kwa Phalombe kuno, kumunsi kwa phiri la Mulanje, imeneyi si nkhani yophunzitsa munthu. Mphwanga ndinamuuza kuti ngakhale Noma ikhale ikumenya penate, azizula basi.

Pomaliza penipeni tinamukweza busita uja pamlongoti, titamuika m'kachigubu kodula kuti asanyowe, ndipo Quality inafika cha m'ma 75. Eriyo yachiwiri ndinapatsa mkulu uja pamwamba pa malipiro ake. Nditawerengera, nsungwi, mawaya okokera ndi chingwe chatsopano zinandidya ndalama zochepa kuposa zomwe ndinataya ku Limbe maulendo awiri aja. Safunsa anadya phula.

Ndiye ngati kwanu chithunzi chikuuma, ndalama ikhale kaye m'thumba. Fufuzani komwe kuli nsanja, kwezani eriyo iione, ilozetseni bwino, sinthani chingwe, ndipo pa sitepe iliyonse muziyang'ana Quality. Zikakanika apo m'pamene mungaganize za eriyo yaitali, kenaka busita, ndipo kuphatikiza eriyo ziwiri kubwere kumapeto kwa zonse.

Mvula yoyamba ya chaka chino itagwa, ndinakhala ndikudikira foni ija. Inaitanadi cha m'ma 7 koloko, mtima wanga n'kugunda.

"Bambo, zaumanso?"

"Ayi, zikuyenda. Koma uuze mlongo wako atumize shuga wambiri. Anzanga a kubawo aja tsopano akumabwera kuno kudzaonera nkhani, ndipo sachoka asanamwe tiyi."